Mapesi a mu Mtengo wa Katope

Mitundu,
Lachisanu masana.

Lusiya mwana wanga,

Ndakhala kuseri kwa khola la mbuzi, pepala lili pabondo, chifukwa kukambirana pakamwa kwatikanika ine ndi iwe. Ndikangoyamba nkhani ya nyumba ya ku Nathenje, iwe umanyamula ndowa n'kuthamangira kumjigo, chonsecho mitsuko ili yodzaza. Zilembo zanga n'za kusukulu ya kwacha, zokhotakhota, koma uziwerenge mpaka kumapeto lero lomwe, pakuti za mawa ndazilemba kumapetoko.

Mawa galimoto ikubwera kudzakutenga, iwe ndi mdzukulu wanga Chisankho, kupita ku chitengwa kwawo kwa mwamuna wako. Za mbale za apongozi, za kudambo kochapa, za kuchipinda, anamkungwi anakuuza kale ndipo sindibwereza. Yanga ndi imodzi yokha. Nyumba imene bambo a Chisankho akumangira ija ili m'njira ya madzi, ndipo mvula ili pafupi. Chizimalupsa chagwa kale, othirira nazale za fodya ayamba kuyang'anayang'ana kumwamba. Ndili ndi mantha, Lusiya. Chakudya sichikundilowa kuyambira tsiku limene tinakaona malo aja.

Usaganize kuti ndikudana ndi mwamuna wako. Akhala mkamwini pakhomo pano osakutambasulirapo dzanja, kachasu samwa, denga la nkhokwe anafolera ndi iwo. Inenso mwambo ndausunga. Sindinawayang'anepo kumaso, sindinadyepo iwo akuona, tikakumana panjira ndimalumphira m'tchire, mpaka tsiku lina ndinagwera pa chitedze iwe n'kumaseka misozi ili mbwee. Nyumbayonso ndi yokongola, sindikukana. Njerwa zowotcha, malata owala, pansi pa simenti. Pamudzi pathu pano palibe mtsikana amene analowapo m'nyumba yotere ikhale yake. Ndikudziwa chifukwa chake sukufuna kundimva.

Chaka chimene ndinatsegula dimba langalanga m'dambo lathuli, malo ndinasankha ndekha, ndipo ndinasankha mopusa. Unali mwezi wa Ogasiti, kwina konse kuli gwaa, koma pamalo pena panali pobiriwira ndi njedza, udzu wautali uja wa masamba ngati malamba. Ndinati apa ndiye pachonde. Ndinadula njedza yense, n'kugalauza, n'kuwoka matimati mizere yowongoka bwino. Anakula mofulumira mpaka anzanga kumandichitira kaduka. Atangoyamba maluwa anafota onse, dzuwa lisanawapse n'komwe. Nditazula umodzi, mizu inali yakuda, yonunkha. Ndinakumba pang'ono ndi khasu, madzi n'kutumphuka. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti njedza sayembekeza munthu wom'thirira. Pamene wamera, madzi ali pansi pomwepo, kaya pamwamba pali fumbi. Ndipo njedza ukam'dula amaphukanso, chifukwa chimene anamerera sunachichotse.

Tsopano kumbukira tsiku lija ku Nathenje. Amuna atakhala pakhonde kukambirana za chitengwa, ine ndinazungulira kuseri kukaona kumene uzikatunga madzi. Pangodya ya kitchini yako yatsopanoyo, pamene anasesa bwinobwino kukonzekera alendo, panali mphukira za njedza zodulidwa ndi khasu dzulo lake. Ndinagwada n'kuzigwira ndi dzanja kuti mwina maso akundinamiza. Mzere wapansi wa njerwa unali wakuda ndi chinyontho, m'mwezi wa Okutobala, mwana wanga, mwezi umene ngakhale zitsime zimauma.

Ndinapitirira pang'ono. Pakati pa kitchini ndi chimbudzi ndinawerama kuyang'ana timaenje tokhala ndi timilu ta matope ouma pakhomo pake. Mlongo wa mwamuna wako, NaMwale, amene ananditsatira ndi madzi akumwa, anati, "Ndi mbewa zimenezo, amayi. Tibweretsa mphaka."

Ndinati, "Mbewa yanji youmba matope pakhomo pa una wake?"

Anangoseka. Koma iwe wakulira m'dimba, ukudziwa kuti amenewo ndi mauna a nkhanu. Nkhanu sikumba pamtunda. Pamene pali una wake, dzinja pamakhala madzi.

Za nkhanu ndikuuze bwino, chifukwa nkhani imeneyi umaimva mwa apo ndi apo, anthu akuseka, koma ine sindinaisekepo. Unali kumbuyo kwanga, wamsinkhu wa Chisankho yemweyu, wosayenda. Unali mwezi wa Januwale, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kopanda kamtambo. Ndinapita kudambo kukathyola chisoso. Ndikuwerama choncho ndinaona nkhanu zikutuluka m'mauna masanasana, zazikulu ndi zazing'ono, zonse zikukwera kulowera kumtunda. Ine kupusa kwanga ndinati Mulungu wandipatsa ndiwo. Ndinataya chisoso n'kuyamba kutolera nkhanu m'beseni, ndikutsata pamene zachuluka, ndiye kuti ndikutsikirabe pakati pa dambo. Akakowa amene ankadya pafupi ndi ng'ombe anauluka onse pamodzi. Achule amene ankasokosera m'mawa wonse anangoti zii. Linthumbu linadutsa pamapazi panga litasenza mazira ake, osandiluma n'komwe, lili pa changu. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, koma mutu unali pa beseni.

Kenako madzi a m'kangalande kamene ndinaimamo anasintha. Anali oyera, anasanduka ofiira, n'kuyamba kubwera ndi thovu ndi timitengo. Ndinamva kulira ngati lole ikubwera kutali, chonsecho kumeneko kulibe msewu. Mvula inali itagwa cha ku Malingunde uko, kumapiri, ife kuno osadziwa. Pamene ndinkati ndiwongoke, madzi anali m'mawondo. Ndinaponya beseni. Pamene ndinkafika pa chulu chija cha pafupi ndi mtengo wa katope, madzi anali m'chifuwa, ine ndakusenza pamutu, ukulira, kenako osaliranso. Kusalirako ndi kumene sindidzaiwala mpaka kumanda. Ndinakugoneka chafufumimba pachulu, n'kukusisita kumsana mpaka unasanza matope. Pachulupo tinakhala ndi mbewa zonyowa ndi njoka yobiriwira itadzipinda pambali pa phazi langa, aliyense osalabadira mnzake, mpaka malemu bambo ako anabwera ndi chingwe dzuwa litapendeka.

Madzi ataphwera ndinabwerera kukafuna beseni. Silinapezeke. Koma nditayang'ana m'mwamba mu katope muja ndinaona mapesi a chimanga, udzu ndi nsanza zitakodwa m'nthambi, pamwamba poti dzanja langa silikanafika. Madzi amasiya chizindikiro chotere pamene anafika. Chimakhala zaka ndi zaka chikuwolera pomwepo.

Lusiya, kuseri kwa nyumba yako ya ku Nathenje kuli mtengo wa katope, umene bambo a Chisankho anausiya kuti uzikupatsani mthunzi. M'mphanda mwake muli mapesi akale, otuwa, atapingasa onse kulozera mbali imodzi. Ndinaima pansi pake n'kukweza dzanja. Sindinawafike. Ndinatembenuka kuyang'ana nyumba, ndipo mapesiwo ali pamwamba kuposa mawindo. Ndinafunsa NaMwale kuti anawakweza ndani. Anati, "Aaa, amenewo n'ngakale, a chigumula chija ine ndili mtsikana. Masiku ano madzi oterowo kulibe." Ndinamufunsanso chifukwa chake nyumba zonse za makolo awo zili pamtunda paja, pamiyala, pamene nthaka yofewa ili kunsi kuno. Anati kale ankaletsa kumanga kudambo.

Mawu amenewo ndi amene ndawamvanso kwa iwe. Dzana unandiyankha uli chiimire, unati, "Amayi, zoletsaletsa zinatha ndi mavoti. Ino ndi nthawi ya matipate, munthu amamanga pamene wafuna. Inu mukadali ndi mantha akale." Zinandipweteka, sindikubisira. Ine ndinaima pamzere tsiku lovota, iwe uli ndi pakati potopa ukutsamira phewa langa. Ine ndinasangalala kuposa iwe tsiku limene ndinalowa mumsika wa Mitundu ndi dengu la mpiru popanda wondiimitsa pachipata kufunsa khadi la chipani. Mantha amenewo ndinawataya ndipo sindiwafunanso. Koma madzi sanavote nawo, mwana wanga. Amene ankaletsa kumanga kudambo la ku Nathenje si boma lakale. Anali anthu amene anaona mapesi aja akukwera.

Chimene chanamiza mwamuna wako ndi chilala. Zaka zapitazi, kuyambira chaka chija tinkadya chimanga chachikasu cholandira, madambo akhala ouma ngati bwalo la mpira. Anyamata aumba njerwa pamene kale tinkagwira milamba. Munthu amene anayamba kuganiza zomanga m'zaka zimenezi saona dambo, amaona malo aulere, osalala, dothi la njerwa lili pomwepo. Sindikumunena kuti ndi wopusa. Wakulira pa sitolo m'mbali mwa msewu wa tala, dambo amalidutsa panjinga. Koma dambo likauma silinasamuke.

Ndikuuzenso pamene ndinalakwitsa, kuti usati amayi amadziyesa mneneri. Pali mpheta zachikasu zija zoluka zisa m'bango. Ndinamva kuti zikamanga m'mwamba ndiye kuti madzi achuluka, ndipo zaka zingapo zinachitikadi choncho. Chaka china zinamanga kunsonga kwenikweni. Ndinakana kubzala kumunsi kwa dimba, n'kumauza aliyense kuti asamutse mbewu. Mvula inabwera yochepa, anzanga anakolola mondokwa kumunsi komweko, ine ndinangotsala ndi dzina loti Nampheta, limene ena akundiitanabe. Tsono ndikakuuza kuti chaka chino mpheta zamanganso m'mwamba, ndiponso kuti achule ayamba msanga, ukhoza kuseka, ndipo mwina ungakhoze. Za chaka ndikhoza kulakwitsa. Mbalame imaganizira ngati ife tomwe. Koma njedza, una wa nkhanu ndi mapesi a mumtengo sizikunena za chaka, zikunena za malo. Kaya chaka chino, kaya cha mawa, madzi adzafika pa mawindo aja.

Kulakwa kwanga kwatsopano ndi uku. Titabwerako ku Nathenje ndinachita monga mwa mwambo. Mpongozi sayankhula ndi mkamwini, amatuma nkhoswe. Ndinapita kwa amalume ako a Yohane n'kuwafotokozera zonse, njedza, nkhanu, katope. Ndinati, "Achimwene, mukawauze kuti mwana wanga sakagona m'nyumba imeneyo dzinja lino." Anavomera ndi mutu, anati nkhani yamveka. Madzulo ake anaitana bambo a Chisankho pansi pa mango, ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ndikupeta, makutu ali komweko. Anayamba ndi mtengo wa fodya. Anapita pa za feteleza. Kenako ndinamva akuti, "Apongozi anu ayamikira kwambiri nyumba ija. Angoti mwina mukumbeko kangalande kuseri, madzi a padenga asamadikhe."

Kangalande! Lichero linandigwa m'manja. Mwamuna wako anayankha mwaulemu, anati, "Zikomo kwambiri, ndikumba Loweruka." Ndipo ndamva kuti anakumbadi, kokongola, kowongoka, kakuya ngati mbale.

Nditawafunsa amalume ako, anati, "Mlongo, mnyamata wagulitsa njinga ndi fodya wa zaka ziwiri kuti amange nyumba imeneyo. Ndikamuuze kuti wamanga pamadzi? Atitenga ngati tikukaniza chitengwa mwanjira ina. Ukwati wa mwana ungathe chifukwa cha nkhanu?" Amalume ako si munthu woipa, ntchito ya nkhoswe ndi kusalaza mawu. Koma awa anali mawu osafunika kusalaza, ndipo ine ndinadziwa zimenezo pamene ndinkawatuma.

Tsono tamvera, popeza mwina mawa zanga sizikayenda ndipo ukagonabe m'nyumbamo. Ukangofika, usanamasule katundu, ufunse kumene madzi a dambo limenelo amachokera, ndipo mvula ikamagunda mbali imeneyo uziiwerengera ngati yagwa padenga pako. Usamayang'ane kumwamba kwa pakhomo pako, ine kunandinamiza. M'mawa uliwonse uzizungulira kuseri n'kuyang'ana mauna aja. Ukaona matope atsopano onyowa pakhomo pake, madzi akukwera pansi. Uyende ndi mapazi ako njira yochokera pakhomo kukafika kumtunda kwa apongozi ako aakazi, uidziwe pamene pali dzenje la njerwa ndi pamene pali chitsa, chifukwa madzi akabwera maenje amene anaumbamo njerwa aja saoneka, ndipo ndi akuya kuposa iwe. Chisankho asamagone pamphasa pansi. Nsalu yoberekera izikhala pamsomali pafupi ndi chitseko.

Ndipo ukadzaona nkhanu zikuyenda pabwalo masana, kapena linthumbu likukwera khoma ndi mazira, kapena mbewa ndi achule zikulowa m'nyumba mopanda mantha, kapena madzi a m'kangalande kaja afiira ndi thovu, usadikire mwamuna abwere kuchokera kumsika. Usatenge wailesi, usatenge mbale, usakhome chitseko. Bereka mwana m'mwamba, pafupi ndi khosi, n'kumapita. Anthu akakuseka kuti wathawa dzuwa likuwala, aseke. Ine ndinakhalira beseni la nkhanu, ndipo ukudziwa tsopano chimene linatsala pang'ono kundidyera. Usadikire, Lusiya. Ndabwereza dala.

Uziyang'ana dambo, mwana wanga, ngakhale pamene palibe choopsa. Pokachapa usamangoyang'ana zovala. Ona pamene kakombo wamera, pamenepo ndi pakuya, mwana asayandikire. Ona pamene pali nkhono zing'onozing'ono zomata ku udzu, pamenepo usasambe, ndi pa likodzo. Tizilombo ta m'dambo tilibe manyazi ndi apongozi, tilibe nkhoswe, tikaona choopsa timanyamuka poyera. N'chifukwa chake ine ndimatikhulupirira.

Tsopano za mawa. Galimoto ikadzaza katundu, anthu atasonkhana kuti atsanzike, ine sindikhala m'nyumba monga achitira apongozi. Ndituluka. Ndiyenda molunjika kwa bambo a Chisankho, ndiima pamaso pawo, ndiwayang'ana kumaso koyamba chikhalireni, ndipo ndiwauza ndi pakamwa panga zimene ndakulemberazi. Ndiwapempha chinthu chimodzi: dzinja lino lokha mugone kumtunda kwa amayi awo, nyumba yatsopanoyo muikemo fodya ndi makasu, muone madzi pamene afike. Likatha dzinja nyumba ili youma, ndidzabwera ndekha ku Nathenje kudzagwada pabwalo, anthu onse akuona.

Ndikudziwa chimene chitsatire. Amalume ako agwira kumutu. Akuchimuna anena kuti kwa ine Nambewe kulibe mwambo, ndipo mawu amenewo adzakutsata iwe kumjigo wa ku Nathenje, osati ine. Ukalowa m'mudzi wa eni uli mwana wa mayi wopanda ulemu. Zimenezi zandisowetsa mtendere sabata yonse, chifukwa ndikukuwonongera chiyambi chimene mtsikana aliyense amachifuna. Nkhuku yopepesera ndamanga kale mwendo, ili pansi pa nkhokwe. Ndasankha thadzi, osati tambala, angayesenso kuti ndabweretsa ndale. Sindikudziwa ngati mawu akatuluke. Koma manyazi ndingawasenze. Kubwera ku Nathenje ndi chingwe monga anachitira bambo ako, n'kupeza pachulu palibe munthu, zimenezo sindingathe.

Usandikoke chitenje mawa. Usandilowetse m'nyumba. Ukachita manyazi yang'ana pansi.

Chatsala ndi ichi, ndipo ndi chimene ndalembera kalata yonseyi. Tsiku lija ku Nathenje, pamene ndinkatsitsa dzanja pansi pa katope, ndinakuona. Unali pakhomo la kitchini, Chisankho ali kumbuyo. Unayang'ana m'mwamba mumtengomo, unayang'ana mawindo, kenako unakonza nsalu ya mwana n'kulowa msangamsanga. Ndinakulera m'dimba, ndikudziwa mmene nkhope yako imakhalira ukaona chinthu. Sukuthawira kumjigo chifukwa ukuganiza kuti ndikunama. Ukuthawa chifukwa umam'konda mwamuna wako ndipo unaona mmene ankasisitira khoma lija potionetsa.

Ine angandiyese nkhalamba yosafuna kusiyana ndi mwana. Iwe sangakuyese choncho. Ndikamaliza kuyankhula, bambo a Chisankho atembenukira kwa iwe, pakuti alibe kwina koyang'ana. Sindikukupempha kuti usankhe pakati pa iwo ndi ine. Umve kulemera kwa mwana ali kumbuyo kwakoyo, kenako uwauze zimene unaona mumtengo muja.

Ndine mayi ako,
Nambewe